Mlamu Wanga Udzudzu

Mlamu wanga timamutcha Udzudzu. Dzinali analitenga ali kupulayimale chifukwa cha timiyendo take, ndipo silinamuchoke ngakhale pa nthawi imene ankalowa pachitseko cha shedi yathu chammbali, mapewa atakana kukwana. Kasitomala wachilendo akamva ndikukuwa kuti "Udzudzu, tadzagwirani apa," ankayang'ana uku ndi uku kufuna kamnyamata, kenaka n'kubwerera m'mbuyo ataona chimunthu chikukweza chigoba chowotcherera kumaso.

Ine ndine wowotcherera zitsulo. Timapanga mageti, mafelemu a mawindo, mabedi ndi nsanja zoikapo mathanki a madzi. Udzudzu anabwera kudzaphunzira ntchito kwa ine ali wowonda moti silinda ya gasi ankangoikunkhuniza ndi bondo, kuinyamula osatha. Anyamata a pashedi yoyandikana nafe ankamuuza kuti asamaime pafupi ndi fani, angauluke. Iye ankaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Chimene anali nacho ndi manja. Mzere wake wowotcherera unkatuluka wosalala ngati wosokedwa pamakina, wosafuna ndi gulayinda yosalazira yomwe.

Anayamba kunyamula zitsulo kuseri kwa shedi. Anatola madiramu a mabuleki a lole yakufa n'kuwawotcherera kunsonga za paipi, ndipo m'mawa tisanatsegule ndinkamupeza atagona pa thabwa, akubuula pansi pake. Zaka zinapita akuchita zimenezi. Thupi linabwera pang'onopang'ono, labwinobwino, loti ukaliona umangoti uyu ndi munthu wogwira ntchito. Ndi nthawi imeneyo pamene mlongo wanga, amene amasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina mumsewu mwathu momwemo, anayamba kubwera ku shedi pafupipafupi, ati phazi la makina ake likugwedera. Phazi limodzi lomwelo tinaliwotcherera mpaka ndinazindikira kuti vuto silinali phazi. Atakwatirana ndinasiya kumunena kuti iwe, n'kuyamba kuti inu alamu. Mawu oti iwe ankabwerera pokhapokha ndikapsa mtima.

Zinthu zinatembenuka atalowa jimu yeniyeni, ya m'chipinda cham'mwamba pa sitolo ya matayala, ya magalasi khoma lonse. Kumeneko anamukopa kuti alowe mpikisano wa adzitho, uja amadzola mafuta n'kuima pasiteji atavala kakabudula. Anakonzekera kwa miyezi, akukana chilichonse chonona kapena chotsekemera, koma anabwerako chimanjamanja. Anandionetsa chithunzi pafoni, iye ali kumapeto kwa mzere, pambali pa ziphona.

"Taonani alamu," anatero. "Ndikadali udzudzu."

"Inu muli bwino. Enawa akuoneka ngati matumba a simenti onyowa."

Sanaseke.

Pajimupo panali mkulu wina wandevu, wa khosi lolingana ndi mutu, amene anzake ankamutcha Nesi. Unesi wakewo unali wa m'kachipinda kosungira matsache, mmene ankabaya anthu jakisoni pathako, chitseko atachitchinga ndi phazi. Izi ndinadzazimva pambuyo pake. Nesi ndiye anauza Udzudzu kuti thupi lake lafika pamene linalekezera, ndipo kuchokera apo munthu amadzithandiza yekha. Anamuyambitsa ndi mapiritsi, kenaka jakisoni wa masiteroyidi okulitsa minofu, kenaka timabotolo ta homoni yokulitsa thupi, tosunga mufiriji.

Ine ndinkangoona zotsatira zake. Chaka chisanathe ovolosi yake inang'ambika kumsana, mlongo wanga n'kuphatikapo nsalu ina pakati. Silinda ya gasi ankaiponya paphewa ngati mwana. Anthu ankaima kumuyang'ana, ndipo iye, amene moyo wake wonse ankayenda m'mbali mwa khoma, anayamba kuyenda pakati pa msewu. Sindinama, ndinakondwera naye. Koma panabweranso zina. Kumsana kunatuluka ziphuphu zikuluzikulu zimene zinkaphulika n'kuthimbiriritsa malaya. Akakwera masitepe ochepa ankapuma ngati wathamangitsidwa. Jombo zinayamba kumuthina, munthu wamkulu kale, mpaka anazing'amba kutsogolo kuti zala zipume. Tsiku lina anabwera atabisa dzanja m'thumba, n'kundikokera kuseri.

"Alamu, mundidulire mpheteyi."

Chala chinali chitatupa, chitada bii, mphete ya ukwati itamira mumnofu. Ndinalowetsa kachitsulo kopyapyala pansi pake n'kuyamba kuicheka ndi sowo yaing'ono, iye akuyang'ana kudenga.

"Manja anu akula," ndinatero. "Zala zimakula chonchi ndi zitsulo?"

"Ndi kutenthaku."

"Nanga mukamawotcherera mumangokutumula dzanja bwanji?"

"Dzanzi basi. Limatha lokha. Koma musakamuuze mlongo wanu, ndimuuza kuti yatayika."

Kunyumba kwawo kunali nkhani ina. Zaka zinali zitadutsa chikwatirane, mwana osaoneka. Amayi ake a Udzudzu ankabwera Loweruka lililonse, kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo, n'kumayang'ana mimba ya mpongozi wawo ngati akudikira basi. Mlongo wanga anapita kuchipatala. Anamuyeza zonse, n'kumuuza kuti alibe vuto, abwere ndi mwamuna wake. Udzudzu anakana. Amayi ake anamugwira mkono n'kuutukula ngati akuutsatsa pamsika.

"Mwamuna ngati uyu akamuyeze chiyani? Apongozi, dzifunseni nokha bwinobwino."

Mlongo wanga si wolankhulalankhula. Anameza zimenezi mpaka tsiku limene anatulukira ku shedi masana, tepi yoyezera ikadali m'khosi, n'kukhuthulira pabenchi yanga timabokosi ndi timabotolo topanda kanthu. Udzudzu anali atapita kukagula marodi owotcherera.

"Achimwene, izi n'chiyani? Alamu anu amati ndi mavitamini. Mavitamini amabisidwa m'chitini cha majarini? Masingano ndawapeza m'jombo yakale."

Ndinatembenuza kabokosi kamodzi. Zolembedwapo zinali m'chilankhulo chimene sindinachionepo. Kabotolo kena kanalibe ndi pepala lomwe.

"Asintha, achimwene. Dzana anaswa chitseko cha bafa chifukwa chinakanirira. Sanandigwirepo ayi, koma ndikamva mapazi awo pakhonde ndimayamba ndayang'ana khomo lakuseri."

Tikulankhula choncho, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali iye, paketi ya marodi ili m'manja. Anayang'ana pabenchi, anayang'ana mkazi wake. Mtsempha wa pakhosi unatukuka ngati paipi.

"Wandisecha?"

"Alamu, khalani pansi tikambirane."

"Ndikufunsa mkazi wanga!"

Anatola hamala yaikulu imene inali pafupi. Ine ndinaima pakati pawo, ngakhale ndinkadziwa kuti atafuna angondikankhira pambali ngati katani. Hamalayo inatsikira pa geti limene tinali titangomaliza kupenta, inatsikanso, inatsikanso, mpaka getilo linapindika pakati. Anyamata a shedi yoyandikana anazimitsa makina awo. Kenaka Udzudzu anaponya hamalayo pansi, n'kumayang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina.

"Iwe Udzudzu," ndinatero, "zisiye izi. Zikupha."

"Mpikisano wina watsala pang'ono. Ukatha ndisiya."

Mlongo wanga anali atabwezera kale timabokosi tija m'chikwama chake. Anatuluka osayang'ana m'mbuyo.

Sabata yotsatira tinali ndi ntchito yoimika nsanja ya thanki kuseri kwa nyumba ina ya alendo imene inkamangidwa. Nsanjayo inali yaitali kuposa denga la nyumba yosanjikiza. Miyendo yake tinali titaimika kale, kutsala mipiringidzo ya pamwamba yogonekapo thanki. Dzuwa linali paliwombo, zitsulo zikuwotcha ngakhale utavala magolovesi. Udzudzu anali pamwamba, ine pansi ndikumangirira mpiringidzo uliwonse pachingwe, iye n'kumakoka. Tinali ndi tcheni buloko, makina a unyolo okwezera katundu wolemera, koma iye anati imachedwetsa, akoka ndi manja. Lamba wachitetezo anali atasiya kuvala chifukwa sankamukwananso.

Mpiringidzo wotsiriza unakwera bwinobwino mpaka pafupi ndi mapazi ake. Ndinawerama kuti nditole sipanala. Ndinangomva chingwe chikulira fyuu, ndipo ndisanadzutse mutu chitsulo chinazikika pansi pafupi ndi phazi langa, dothi n'kundiwaza kumaso. Chinaima chilili, chikunjenjemera.

"Iwe Udzudzu! Ukufuna kundipha?"

Nditayang'ana kumwamba ndinamuona atakhala pampiringidzo, miyendo ili lendelende, mkono umodzi ataukoleka pachitsulo ndi chigongono, dzanja lina lili pachifuwa.

"Alamu." Mawu ake anatsika aang'ono. "Manja sakugwira. Mtima ukuthamanga."

"Musasunthe! Musayang'ane pansi!"

Mmene ndinakwerera makwerero aja sindikumbukira. Pamwamba panalibe poponda pabwino, mipiringidzo yokhayokha ndi mipata pakati. Nkhope yake inali itatuwa ngati phulusa, thukuta likudontha kuchibwano. Nditamugwira pakhosi ndinamva mtima ukugunda mosalongosoka, kuthamanga, kuima, kuthamanganso, ngati jenereta imene ikutha mafuta. Chithupi chonse chija chinkapendekera kutsogolo pang'onopang'ono. Chingwe chinali chitagwera pansi limodzi ndi chitsulo, ndiye ndinakoka waya wokhuthala wa makina owotcherera, n'kumuzunguliza pachifuwa, n'kumumangirira ku mwendo wa nsanja.

"Gwirani makwerero, titsike limodzi."

Anayesa. Zala zinafika pachitsulo koma sizinapindike.

"Sindikuzimva."

Munthu wolemera ngati ameneyo sungamubereke pamakwerero. Ndinakuwira amisiri amene ankamanga nyumbayo. "Tcheni buloko! Bweretsani tcheni buloko ndi malamba a thanki!" Kapitawo wawo anamva msanga, ndipo amuna awiri anakwera nayo. Pofuna kuikoleka ndinayang'ana mpiringidzo wotchinga thanki umene unali pamwamba pathu. Anali atauwotcherera Udzudzu m'mawa womwewo, ndi manja adzanzi omwewo. Mzere wake unali wokhotakhota, wa timabowo, woti ndikanauona kwina sindikanavomera kuti ndi ntchito yake. Nthawi yowotchereranso panalibe. Ndinasunthira ngowe kukona, pafupi ndi mwendo wa nsanja, kuti kulemera kugwere pamenepo.

Tinamukulunga malamba m'khwapa ndi m'ntchafu.

"Ndikamasula wayayu mudzilekerere. Musagwire kanthu."

"Alamu, ndikagwa mukamuuze kuti..."

"Mukamuuza nokha. Tiyeni."

Anachoka pampiringidzo, unyolo unakungika, nsanja yonse inagwedezeka. Tcheni buloko sithamanga. Umakoka kaunyolo kakang'ono mpaka kutopa kuti katundu atsike pang'ono chabe. Ndinakoka mpaka zikhatho zinatuluka matuza, iye akuzungulira m'malere, mutu utagwera pachifuwa. Ndinkamuitana kuti asagone, iye n'kumayankha kuti "hmm." Ali pakatikati anasiya kuyankha. Pamwamba pa mutu wanga chitsulo chinalira kuti tha. Mmisiri amene anali pambali panga anayang'ana kumeneko, kenaka anayang'ana ine. Ndinapitiriza kukoka. Pansi amuna anali atatambasula manja ngati angathe kumuwakha, ndipo mapazi ake atakhudza dothi ndinatsika msangamsanga. Tinamugoneka kumbuyo kwa pikapu ya kapitawo, pamatumba opanda kanthu.

Kuchipatala anamuika diripi ndi mawaya pachifuwa, ndipo chakumadzulo mtima unabwerera m'malo mwake. Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi.

"Bambo, mukumwa kapena kubaya mankhwala anji?"

"Palibe, adokotala. Mazira ndi mkaka basi."

Mlongo wanga, amene anathamangira kuchipatalako ulusi uli m'malaya, anatsegula chikwama n'kuyala timabokosi tija pabulangeti, pamiyendo ya mwamuna wake. Udzudzu anatembenukira kukhoma.

Adokotala sanakalipe. Anatola kamodzikamodzi, akuwerenga.

"Ena mwa awa ndi mankhwala enieni, ndipo ali ndi eni ake. Homoni yokulitsa thupiyi timapatsa ana amene matupi awo sakuipanga, mwana woti anzake onse amusiya kutali msinkhu. Timayamba tamuyeza magazi, timapereka pang'ono, timamuyezanso. Enawa timapatsa abambo amene thupi lawo lasiya kupanga homoni yachimuna, kapena odwala amene minofu yawathera. Inu simunkasowa chilichonse, ndiye mwakhala mukuthira pamwamba pa chodzadza kale, mowirikiza kambirimbiri. Koma aka," anakweza kabotolo kopanda pepala kaja, "ngakhale ine sindingakuuzeni kuti muli chiyani."

Anatifotokozera kuti mtima nawonso ndi mnofu, ndipo wa mlamu wanga unali utakhuthala makoma moti sunkapopa bwino. Magazi ankathamanga kwambiri, shuga anali atakwera, chiwindi chitatopa. Dzanzi lija linkabwera chifukwa pamfundo ya dzanja panatupa n'kupana mtsempha.

"Zina zibwerera mukasiya, zina sizibwerera. Ndipo tizikuonani pafupipafupi, chifukwa miyezi yoyambirira ikhala yowawa." Anaima kaye, n'kuyang'ana mlongo wanga. "Muli ndi ana?"

Mlongo wanga anapukusa mutu.

"Ndafunsa chifukwa thupi likaona kuti homoni yachimuna ikubwera ndi jakisoni, limasiya kupanga yake. Mbewu ya abambo imachepa, nthawi zina kutheratu. Tiyeza kuti tidziwe."

Adokotala atatuluka, mlongo wanga sanalire. Anayang'ana msana wa mwamuna wake kwa nthawi yaitali.

"Munkadziwa?"

"Nesi anati zimabwerera ukasiya."

"Ndiye kuti munkadziwa."

Amayi ake a Udzudzu ankabwera tsiku lililonse pa nthawi yoona odwala. Tsiku limene zotsatira zinatuluka anandipeza ndili pambali pa bedi, n'kuyamba kulankhula ndi ine mokweza kuti mpongozi wawo amve.

"Maganizo awa, bambo. Munthu angakhale bwanji bwino m'nyumba muli zii chonchija? Mwana wanga wapirira mokwanira."

"Amayi," anatero Udzudzu, "musiyeni."

"Ine ndikungonena..."

"Musiyeni ndati. Andiyeza. Vuto lili mwa ine, ndipo ndinadzibaya ndekha. Uyu alibe mlandu, sanakhalepo nawo."

Amayi aja anayamba kuwongola bulangeti limene linali lowongoka kale. Mawu opepesa sanatuluke tsiku limenelo, ndipo ine sindinawamvepo mpaka lero.

Udzudzu atatuluka m'chipatala anapeza mkazi wake atasamukira kwathu. Ndinayesa kumulankhula mlongo wangayo, koma anandidula.

"Achimwene, ndinasenza manyazi a munthu wina, mwini wake akundiyang'ana. Loweruka lililonse ankakhala pompo, chete. Mundisiye ndipume."

Ndinamusiya.

Miyezi imene adokotala ananena ija inafika. Thupi lija linaphwa ngati tayala loboola, khungu n'kutsala lendelende m'mikono. Ankabwera ku shedi n'kukhala pa ndowa yovundikira tsiku lonse, wopanda mphamvu yonyamula ndi hamala yomwe. Masiku ena sankadzuka n'komwe, ndipo ndinkapita kukamugogodera mpaka atsegule, chifukwa adokotala anatichenjeza kuti munthu akasiya mankhwalawa amakhumudwa mpaka kutaya mtima, tisamamusiye yekha. Tsiku lina masana foni yake inalira, iye n'kuiyang'ana osaiyankha. Anandionetsa. Anali Nesi.

"Wakhala akundiimbira. Akuti jakisoni mmodzi yekha ndidzuka ngati kale."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ndikumufuna, alamu. Ndisakunamizeni. Ndikadziyang'ana pagalasi ndimamufuna."

Foniyo inalirabe m'dzanja lake mpaka inadula yokha. Inayambanso. Anandipatsa n'kunena kuti ndiisunge m'bokosi la zida, ndikiye. Mawa lake tinapita limodzi kwa mwini jimu kukamuuza zimene zinkachitika m'kachipinda ka matsache. Mwini jimuyo anatambasula manja, ati iye amangobwereketsa zitsulo, za m'matako a anthu sazidziwa. Nesi anasowa pamenepo. Ndikumva kuti ali pa jimu ina kutsidya kwa tauni, ndipo makasitomala sakumusowa.

Pano Udzudzu amagwira ntchito za pansi zokha, pansanja sakweranso. Dzanja lamanja linatsitsimuka, lamanzere limachitabe dzanzi kukazizira. Mapazi sanabwerere, amavala jombo zazikulu kuposa zanga. M'mawa uliwonse amamwa mapiritsi a mtima, ndipo amenewo akuti mwina ndi a moyo wake wonse. Mlongo wanga anabwerera kunyumba kwake patapita nthawi, koma anaika lamulo: kuchipatala amapita limodzi, amalowa limodzi, ndipo zonena adokotala amazimva ndi makutu ake. Poyeza komaliza anapeza kuti mbewu yayamba kuoneka, yochepa. Adokotala anati tidikire, ndipo sanalonjeze kanthu.

Chimene anamulola ndi kuyenda. Ndiye m'mawa amazungulira bwalo la mpira limodzi ndi gulu la achikulire odwala shuga ndi a mawondo, amene amayenda akukambirana za mitengo ya zinthu ndi adzukulu awo. Poyamba ankachita manyazi, ankavala chipewa chobisa nkhope. Dzulo anafika ku shedi akupumira m'mwamba, nkhope itakwinyika, n'kuponya chikwama pabenchi.

"Kwagwanji alamu? Mtima?" Ndinali nditayamba kale kufufuza makiyi a galimoto.

"Ayi. Pali agogo ena opuma pantchito ya uphunzitsi, amayenda ndi ndodo. Andipitirira pakona, n'kundiuza kuti ndilimbikire, ndidzafika."

"Ndiye mwatani?"

"Ndikanatani? Ndawathokoza." Anavala magolovesi. "Geti la amayi a kufamasi lija mwati likufunika liti?"